Chithunzi cha Alamu pa Phiri la Mchenga

Lachiwiri, 14 Okotobala

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino kuntchito kwanuko. Ine ndili gwa ngati kale, minofu ikungowonjezereka moti malaya ayamba kudandaula. Musadabwe kuti ndalemba kalata ngati munthu wamakedzana. Pafoni sindingathe, poti amuna anuwa matenda awadya ponse koma makutu anawasiya. Ndikangoti "halo", iwo adzutsa kale mutu papilo.

Nkhani ndi ya chithunzi chija tinakutumizirani Loweruka, chimene munayankha kuti, "Koma ndiye mwachiratu bambo, mpaka kukwera phiri!"

Ulendowo anauyambitsa ndi alamu omwewo. Anati, "Chimphona, mlongo wakoyu akuda nkhawa, angasiye ntchito chifukwa cha ine. Tiye kunyanja ukandijambule nditaima." Ine ndinati zazing'ono zimenezo. Tinabwereka galimoto ya oyandikana nawo, chikuku cha alamu n'kuponya kumbuyo.

Achemwali, mchenga uli kumeneko simunauonepo. Ndi mapiri enieni, mukaima pamwamba mbalame zimauluka kunsi kwa mapazi anu. Nyanja inabisala kuseri, mumangoimva ikubangula. Anyamata akutsetsereka pamatabwa, ena akukwera mahatchi, cha uko kuli nsanja ya nyali yolondolera sitima. Ine ndinafuna kukwera hatchi, koma mwini wake atandiyang'ana anati ndiimvere chisoni, ili ndi ana.

Chikuku chitangogunda mchenga chinatitimira. Ndinakankha, ndinakoka, matayala osasuntha. Alamu kuseka, amvekere, "Nanga mphamvu zija umatisokosa nazo wazisiya kunyumba?" Ndiye ndinawabereka. Ndinakoka mpweya monga ndimachitira ndi matumba a simenti kuntchito, koma podzuka ndinatsala pang'ono kugwa chafufumimba, chifukwa kumsana kunalibe kanthu. Munthu uja tinkagwetsana naye mpaka kuthyola mpando wa amayi, ndinakwera naye phiri lonse osapumira. Anthu anandiwombera m'manja. Aka kanali koyamba kuti anthu andiwombere m'manja ine osakondwa.

Pamwamba ndinawaimiritsa. Nditangochotsa manja, mawondo awo anapinda. Tinayesanso, chimodzimodzi.

Anati, "Kumba."

Ndinati, "Ndikumbe chiyani, alamu?"

"Dzenje. Undikwirire miyendo ngati nsanamira."

Ndinakumba ndi manja, n'kuwaikamo, n'kukwirira mpaka m'ntchafu, n'kupondaponda. Jekete lija munaliyamikira, m'kati mwake munali thaulo ndi juzi yanga kuti aoneke onenepa. Ndinabwerera m'mbuyo, iwo anakweza dzanja n'kumwetulira, ine n'kujambula kuyambira m'chiuno kupita m'mwamba. Ndi chimene muli nachocho.

Nditati ndiwafukule anakana. "Tandisiya kaye, sukuona ndaima ndekha?" Anayang'ana nyanja nthawi yaitali, mphepo ikuwagwedeza ngati bango, ine nditatambasula manja kumbuyo kwawo komwe sakanandiona. Mayi wina amene ankadutsa ndi ana ake anaima n'kundifunsa, "Achimwene, bambo anuwa mukuwatani?" Bambo anga! Munthu wongondiposa zaka zochepa.

Dzulo kuchipatala adokotala sanasinthe mankhwala. Anangondiitanira pakhonde n'kufunsa ngati akazi a wodwalayu ali kutali kwambiri. Ndinawauza kuti ine ndilipo, ndimakwanitsa zonse, ndine anthu khumi m'thupi limodzi. Anandiyang'ana, n'kufunsanso funso lomwelo.

Ndimawasambitsa, ndimawatembenuza, ndimawaseketsa mpaka kutsokomola. Koma chakudya akungolawa n'kukankha mbale. Ndanyengerera, ndaopseza, ndadyapo pamaso pawo mochititsa kaso kuti mwina asirire, ayi ndithu. Nzeru zandithera. Pemphani tchuthi kwa abwana anu, akakana muwauze kuti mlongo wanu akabwera kumeneko geti adzalinyamula paphewa. Mukaimba foni, chonde chiyamikirenibe chithunzicho. Amachiyang'ana tsiku lonse.

Ana anu ali bwino ndipo akupereka moni, wamng'onoyo akuti mumubweretsere nsapato zoyaka magetsi. Akazi anga akuti moni wambiri, oyandikana nawo chimodzimodzi. Moni wa alamu mulibe m'kalata muno, chifukwa ndikanawapempha akanadziwa kuti ndaulula. Umenewo mudzatenge nokha, ndipo musachedwe.

Ndine mlongo wanu,
Chimphona