Shuga wanu walowa m'kalasi mwanga

Amayi, kodi kumeneko muli bwanji?

Lero ndakumbukira Lachitatu la Phulusa lija, kalekale, pomwe munagwa pakhomo la tchalitchi ku Ndirande, phulusa lili pamphumi. Ine ndi mng'ono wanu, a Esinati, tinathamanga nanu kuchipatala. Namwino wina wachikulire anawerama n'kukufunsani kuti mwadya chiyani. Munayankha monyadira: "Lero n'kusala, mwana wanga. Koma mankhwala a shuga ndamwa, sindiphonya ine." Namwinoyo anati kumwa mankhwalawo osadya n'kumene kunatsitsa shuga wanu mpaka kukugwetsani.

Kuno tilipo. Mdzukulu wanu Chikondi wabereka mwana wamkazi, mphuno ndi yanu yeniyeni. Chimanga cha kamunda kanu ka ku Machinjiri chachita bwinoko, kungoti denga la khitchini likudonthabe.

Kusukulu ya anamwino kumene ndimaphunzitsa tinasintha kaphunzitsidwe. Masiku ano timawapatsa ophunzira nkhani ya wodwala mmodzi, iwo azikambirana m'magulu zoyenera kuchita. Kukhala chete iwo akamakambirana kumandivutabe, mukundidziwa. Nkhani za m'mabuku nazo n'za anthu akutali, osadziwa Lenti wathu. Ndiye ndinalemba yanu, dzina ndinasintha. Ophunzirawo anatchula zoyeza zonse mpaka kukangana, koma wofunsa za chakudya panalibe. Kenaka mtsikana wina wa ku Bangwe anati, "Madamu, kodi linali tsiku lanji?" Ndinayang'ana pawindo kuti asaone misozi.

Koma a Esinati atamva kwa mwana wa neba wawo, amene ali m'kalasi mwangamo, anakwiya. Akuti matenda a mkulu wawo si oseweretsa ana a eni. Foni yanga anasiya kuyankha, chikumbutso cha imfa yanu chinadutsa tisanakhale pamodzi. Amayi, otsala amene amaseka ngati inu ndi iwo okha. Sindikufuna kuwataya. Komanso nkhaniyi ikuphunzitsa anawa zomwe ine ndinalephera pabolodi.

Paja munkati, "Esinati usamutumire uthenga, uzimupitira." Ndiye dzulo ndinakwera minibasi ya ku Misesa. Anandisiya chiimire kaye, akupitiriza kuchapa. Kenaka anati, "Iwe sunaone zonse, unkangolira. Ndibwera ndekha ndidzawauze ana akowo bwinobwino." Abwera Lachisanu, ndipo alamula kuti dzina lanu libwerere m'nkhaniyo.

Ndidzawaikira mpando kutsogolo. Ine ndidzakhala kumbuyo, chete, ndikukulonjezani.

Ndimakukondani, Amayi.

Mwana wanu,
Agnesi