Maola a Oyendetsa Ndege Anatha Ndikudikira Malume

Okondedwa achemwali a Sophie,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko pamodzi ndi alamu ndi ana. Ife kuno ku Mitundu tilipo. Maliro tinasesa Loweruka, anthu abalalika. Mayi ayamba kudya pang'ono. Ine sindikudwala, kungoti sindikumva kanthu. Kutchalitchi ndimangotsegula pakamwa anzanga akamayimba.

Ndamva kuti mwalemba kalata yokadandaula ku kampani ya ndege, kuti oyendetsa aja achotsedwe ntchito poti anakana kunyamula achimwene a Efulemu. Chonde musaitumize. Amene ndinauza abale kuti anangokana ndine, ndipo sindinanene zonse.

Mukudziwa kuti thirakitala itawagwera ku esiteti, madokotala ku Lilongwe anati mutu wawo ukufunika opaleshoni ya kwanuko. Inu munathamangathamanga, ndege ya odwala n'kutera masana. Namwino amene anabwera nayo anandipatsa pepala loti ndisaine, poti gadiyani ndinali ine. Anandiuza kawiri konse kuti oyendetsawo anayamba ntchito m'bandakucha, anakatula kaye wodwala wina, ndipo lamulo limawapimira maola chifukwa munthu wotopa akhoza kugwetsa ndege. Anati tikapanda kuchoka pachipatala pofika 2 koloko, basi, ayenera kukapuma mpaka mawa lake. Chingerezi chake ndinachimva bwinobwino, musandikhululukire poganiza kuti sindinamve.

Ine ndinati munthu satuluka m'dziko mwinimbumba asanamuone. Ndinaopa kuti akakafera kunja, anthu adzati Jacinta anatumiza mlongo wake ngati katundu. Ndinayimbira malume ku Nathenje. Sindinawafotokozere za pepalalo, poti nkhani zotere sitikambira pa foni. Ndinangoti bwerani msanga.

Minibasi yawo inaima pa siteji kudikira kuti idzaze. Ine ndinakhala pa benchi, pepala lili pamiyendo, ndikuchita kolona. Namwino uja anabwera katatu. Kachitatuko anangoyang'ana wotchi.

Malume anafika 3 koloko itadutsa. Nditawafotokozera, anandifunsa kuti nanga bwanji sunangosaina mwana wanga, kodi ine ndine dokotala. Ndinasaina pomwepo. Namwino anayimba foni, n'kubwera kudzandiuza kuti maola atha, anyamuka m'mawa. Ndinagwada n'kumugwira miyendo. Iye anati woyendetsa wamkulu wafunsa kale ngati pali anzawo opumula oti abwere, koma sanapezeke.

Achimwene anatisiya m'mawa mwake, tikuwakweza mu ambulansi yopita kubwalo la ndege.

Malume sanauze munthu. Pamaliro anangoti inali nthawi ya Mulungu, ineyo n'kuvomera nawo. Ndinakalapa kwa bambo mfumu. Anati Mulungu wakhululuka, koma ndikuuzeni inu anthu osalakwa asanataye ntchito. Mapemphero amene anandipatsa ndinawanena onse, mumtima muli chimodzimodzi.

Mayi sakudziwa. Tsiku lililonse amatemberera oyendetsa aja ine ndikuwapatsa mankhwala. Mukati ndiwauze, ndiwauza. Mukati tidikire mudzabwere pa Khirisimasi, ndidikira. Koma musandisiyire ndekha kuti ndiganize zochita, mwaona mmene ndimaganizira.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana. Ambuye akusungeni, ndipo ngati mungathe, muzinditchulabe mukamapemphera.

Ndine mng'ono wanu,
Jacinta