M'makutu mukulira, akuti ndi malemu akundiitana

Agogo,

Ndine mayi wa ana awiri. Amuna anga a Maliko, omwe ankayendetsa lole yopita ku Chipata, anamwalira chaka chatha ndi chifuwa chachikulu. Nanenso chinandigwira, ndipo ndinagonekedwa m'chipatala miyezi iwiri ndikubayidwa jakisoni. Chifuwa chinatha, koma chitulukireni m'makutu mwanga mukulira ngati nyenje, osapuma.

Masana ndikakhala kudimba ndimaiwalako. Koma kukada, mayo ine! Tulo timathawa. Ndimatseka makutu ndi thonje, phokoso n'kumachita kukula. Wailesi ya malemu ndinaikulunga m'chitenje, poti apongozi anati, "Wamasiye sayatsa wailesi chiliza chisanamangidwe." Nditawauza za makutuwa anagwetsa misozi nati, "Ameneyo ndi mwana wanga, akukuitanani."

Ndatha thupi, Agogo. Ana ndimangowakalipira osalakwa. Dzana mwana wanga wamkulu, Luwiza, anandiitana ine ndili duu, mpaka anati, "Amayi, nanunso mukufuna kutisiya?" Chondiopsa n'chakuti masiku ena ndimaganiza zongovomera kuitana kwa malemu, ndikapume. Kodi ndapenga?

E.P., Kapondo, Mchinji

Mdzukulu wanga E.P.,

Pepani kwambiri. Simunapenge ayi, ndipo a Maliko sakukuitanani. Jakisoni wina wa chifuwa chachikulu amasiyira anthu ena kulira kotere m'makutu. Sindikunamizani, kwa ena sikutheratu. Koma chisoni ndi kusagona ndiye zikukulitsa phokosolo, ndipo zimenezo thandizo lake lilipo.

Thonjelo tayani lero lomwe. Pakakhala zii m'pamene khutu limasokosera. Masulani chitenjecho, wailesiyo muziiyatsa chapansipansi pogona. Apongozi anu musakangane nawo, nawonso mtima uli ndi bala. Tengani ankhoswe mukawafotokozere kuti kwa inu wailesiyi ndi mankhwala, si chisangalalo.

Sabata ino pitani kuchipatala. Mukanene za makutu, za tulo, ndiponso za maganizo ofuna kupumawo, osabisa. Pakadali pano itanani mchemwali wanu azigona nanu, ndipo mankhwala opopera kudimba akakusungireni achibale.

Chenjerani, musadonthezere mafuta kapena zitsamba m'makutu, mungagonthe. Ndipo maganizo aja akabwera, dzutsani munthu, musalimbane nawo nokha.

Wokuitanani alipodi, koma ndi wamoyo, ndipo akudikirabe yankho la funso lake la dzana lija. Muyankheni Luwiza.