Ndinaima Kumbuyo kwa Esinati

Amayi, mwaswera bwanji uko muliko?

Kuno ku Mnkhanya tili moyo. Mkazi wa mdzukulu wanu Gibisoni wachira, mwana ndi wamwamuna, makutu ake ndi anu enieni. Mapira tinakolola ndithu, ngakhale njovu zinatilawira kumunda wa kumtsinje. Koma nkhani imene ikundiyabwa pakamwa ndi ya mdzukulu wanu Esinati, uja munkati pakamwa pake padzatiitanira milandu. Amayi, mlandu unabweradi!

Chichokereni inu, iye ndi anzake a kusekondale akhala akuyenda m'tchire kuzula misampha ya waya. Amaumbanso ndowe zosakaniza ndi tsabola, n'kumazifukiza m'mbali mwa minda kuti njovu zibwerere popanda kuitana mfuti. Ndiye itafika nthawi yosankha wapampando wa komiti yosamala zachilengedwe m'dera lathu, anzakewo anamukankhira kutsogolo. Wopikisana naye mukumudziwa? Mwana wanu woyamba, achimwene a Yotamu, amalume ake enieni, amene misampha ina yozulidwayo inali yawo.

Mukudziwa mmene timasankhira kuno. Palibe chobisa, munthu umakaima pamzere kumbuyo kwa amene wamufuna, mudzi wonse ukuona. Achimwene ndiwo anandilipirira sukulu ndi ndalama za nyama ya m'misampha yomweyo, ndiwonso adzaimire ukwati wa Esinati. Achimwenewo anandiyang'ana, ine n'kukumbuka mawu anu aja akuti chibale ndi fupa, sichiola. Ndinati ngati sichioladi, chipirira ndi izi zomwe. Ndinakaima kumbuyo kwa mwana wanga.

Amayi, mukanaona! Anyamata ndi atsikana anachita kukhamukira, mzere mpaka kukhota kuseri kwa tchalitchi. Ngakhale azimayi a kwaya amene amamunena kuti amavala buluku anabwera mwakachetechete, maso pansi. Atalengeza kuti wapambana ndinaluluta mpaka mawu kutha, chitenje chinagwa osachimva. Ndasangalala, Amayi, sindikubisirani.

Koma achimwene anangonena kuti, “Mlongo wanga, wandivula pagulu,” n'kukwera njinga. Kuyambira tsikulo moni wanga sayankha, ndipo zimandiwawa.

Tsono dzulo m'mawa ndikusesa, ndinangoona njinga ya achimwene yaima pabwalo. Ine sanandiyang'ane n'komwe. Anakhosomola, n'kuitana cha kukhomo: “Apampando alimo? Njovu zayamba kundiyendera kudimba. Ndiye mukuti bwanji?”

Esinati anatuluka, anagwada monga mwa mwambo, nati, “Tamva, amalume. Tifika ndi tsabola dzuwa lisanalowe.” Ine ndinathawira kuseri kwa nkhokwe, kuseka ndi kulira nthawi imodzi.

Ndimakukondani, Amayi, ndipo ndakusowani. Ana anu awirife musatidere nkhawa. Ndikulonjeza kuti ndizimupatsabe moni mlongo wangayo m'mawa uliwonse, mpaka adzatope, andiyankhe.

Ndine mwana wanu,
Maligita