Bokosi la Nsapato Pamwamba pa Kabati

Wokondedwa mng'ono wanga,

Ndikhulupirira kuti uli bwino kumene uliko, ndi kuti ntchito ikuyenda. Kuno tadzuka, kupatula bondo la amayi limene likuwavutabe. Moni wathera pomwepa, pakuti ndikulemba ndili wokwiya.

Loweruka ndinapeza mlamu, mkazi wako, atakhala pakhonde kwa amayi, sutikesi ili pambali pake. Amene anamulongedzera ndi amayi. Anati atopa kudyetsa nkhuku yosaikira. Azakhali anathirirapo kuti iwe mwana wawo, wa mapewa ngati chitseko, sungalephere kanthu m'nyumba.

Mlamu ndinamutengera kwanga, ndipo pamaso pa mkazi wanga anaulula zimene unamulumbiritsa kuti asanene.

Akuti usananyamuke munapita awiri kwa dokotala. Iye anapezeka wopanda vuto. Koma umuna wako ataupima, mbewu zinapezeka zochepa, ndipo zochepazo zinkangogwedeza timichira pamalo amodzi, osasambira. Dokotala atafunsa chimene umamwa kapena kudzibaya, unaseka, n'kunena kuti mwamuna wonyamula zitsulo sayezedwa ndi kagalasi.

Ntchito yanga ndi yosunga zolembedwa, ndipo sindilandira nkhani yopanda umboni. Choncho mlamu ananditsegulira chipinda chanu. Pamwamba pa kabati, m'bokosi la nsapato, ndinapezamo timabotolo ta jakisoni wokulitsa minofu, pamodzi ndi ufa wa mizu wa bambo uja wa pokwerera basi, amene amafuula kuti mankhwala ake amadzutsa ndi akufa omwe.

Ndinapita nazo kwa dokotala yemweyo. Za iwe anakana kunena, monga ntchito yake ifunira. Za mankhwalawo analongosola. Jakisoniyo ndi homoni yachimuna, ndipo thupi likailandira kuchokera kunja limaleka kupanga yakeyake, mbewu n'kuchepa. Anati zomera zina zili ndi mphamvu yofooketsa kusambira kwa mbewu, ndipo za mu ufa wopanda dzina palibe angazidziwe. Anatinso ambiri akasiya zimenezi, thupi limabwerera mwakale pang'onopang'ono.

Tsono tamvera. Kudwala si mlandu, ndipo pa chimenecho sindikukunyoza. Chandiwawa n'chakuti unasiya mwana wa eni ake akumwetsedwa zitsamba zowawa m'mawa uliwonse ndi azakhali, akutchedwa chumba pamaso pa alendo, iwe uli kalikiliki kutitumizira zithunzi za mikono yako. Chifukwa chake unkachidziwa, ndipo unakhala chete.

Ndikukupempha, mwana wa mayi anga: taya zimene unapita nazo, ubwerere kwa dokotala, ndipo uimbire amayi foni uwauze ndi pakamwa pako. Lamlungu abale ake a mlamu akubwera kudzamva chimene mwana wawo wachotsedwera. Ukakhala duu kufikira tsikulo, mutu ukakula sulewa nkhonya. Bokosi lija ndidzaliika patebulo, pakati pa makapu a tiyi, ndipo ndidzalitsegula ndine.

Mlamu wati ndikupatse moni. Ndamufunsanso ngati akunenetsa, ndipo wati inde. Uganizire zimenezo.

Upereke moni kwa msuweni wathu amene ukukhala naye. Mulungu akusunge, akulimbitsenso mtima, popeza mikono unalimbitsa kale wekha.

Ndine mkulu wako.