A Kapambwe akukana kundisungira pasiwedi

Aphungu,

Ndimagulitsa salaula, zovala za kaunjika, ku Matero, ndipo ndili ndi munthu amene ndikusowa momuthokozera. Mng'ono wanga Riziki anathawa mwamuna womumenya. Kumene akubisala ndikudziwa ndine ndekha, poti timalemberana imelo ku kafe ya intaneti ya a Kapambwe.

Pasiwedi yanga inali dzina la mwana wanga, ndipo kompyuta itafunsa ngati iikumbukire ndinavomera, kuyesa ikundichitira ulemu. Sabata yatha a Kapambwe ananditengera pambali nati: "Ba sisi, balamu banu benze kufuna kompyuta yamene mumankalapo. Nabauza ati yaonongeka."

Anafufuta zonse, kenaka anandionetsa tsamba lina la pa intaneti lopanga pasiwedi pomwepo, zilembo ndi manambala zosakanikirana, osaisunga kulikonse. Ndinawapempha kuti andisungire, poti mutu wanga ndi woiwalaiwala. Iwo anati: "Iyayi, sinifuna kuiziba." Ndinawapititsira jekete labwino la m'belo latsopano. Jeketelo analandira, koma pasiwedi akukanabe. Kodi ndinawalakwira penapake?

N.F., Matero, Lusaka

Mayi N.F.,

Simunalakwe, ndipo kalata yanu yandisangalatsa. Koma inu, munthu wakupulumutsani, ndiye mphatso yake mumusenzetse katundu amene wangomutula kumene? Jekete lija lakwanira. Mukafuna kuonjeza, atumizireni makasitomala.

Zoiwalazo ndakana. Mtengo wa malaya aliwonse pa benchi panu mumaudziwa pamtima, ndiye zilembo zochepazi zingakukanikeni? Iduleni m'zigawo monga nambala ya foni, muziibwereza chamumtima posankha zovala. Ngati munailemba pa kapepala, kasagone m'chikwama. Ikangolowa m'mutu, kaponyeni pa mbaula. Tsambalo silisunga kanthu, choncho mukaiwala musabwererenso kukalifunsa.

Kompyuta ikadzafunsanso zokumbukira, kanani. Ilibe ulemu imeneyo, imatsegulira aliyense wokhala pampandopo. Muzitseka imelo musanadzuke, mufufute makalata otchula kumene Riziki ali, ndipo mumuuze kuti nayenso asinthe yake.

Chenjezo langa ndi ili: alamu anuwo abweranso, mwina ndi misozi, mwina ndi anzawo aukali, ndipo adzayambira kwa a Kapambwe. Tsiku limenelo a Kapambwewo adzati pasiwedi sakuidziwa, ndipo adzakhala akunena zoona. Musawalande zimenezo, mayi, kuti Riziki azigona tulo.

Aphungu