Rauta yokana simu ina

Lachiwiri madzulo. Kwatentha tsiku lonse, mtima nawo sunakhazikike.

Ndinapita kumsika wa Lirangwe ndi rauta ya intaneti ija ndinagula kwa mnzanga wa kuntchito ku Chileka. Imangolola simu ya kampani imodzi, yomwe netiweki yake kwathu kuno ndi ya apo ndi apo. Lamulungu mwana wanga Esinati adzaimba vidiyo kuchokera ku Joni kuti ndione mdzukulu wanga koyamba.

Mayi Asiyatu, okonza mafoni, anaitembenuza n'kuwerenga kapepala kapansi.

"Bambo, iyi ndingaifulashe. Ndichotsamo pulogalamu ya eni ake, ndiikamo ina yolembedwa ndi anthu ongodzipereka. Ikatero, simu iliyonse ilowa."

"Nanga yakaleyo ipita kuti?"

Anaseka. "Kumanda! Koma magetsi akathima ndili mkati, rauta yafa. Mudzangoiika pashelefu ngati duwa."

Ndabwerera nayo kunyumba isanafulashidwe. Kodi anthu olemba pulogalamuwa ndani, ovutikira ulere munthu amene sadzamuona n'komwe? Funsoli landigwira kuposa mantha.

Nditafika ndatsegula masamba a m'mbuyo a buku lino, momwe ndimalemba nthawi imene magetsi athima ndi kuyaka. Amake Esinati amati ndi misala. Ife ndi akumsika tili pa mzere umodzi wa magetsi, ndipo milungu yonseyi Lachinayi m'mawa sanathimepo.

Ndawatumizira uthenga Mayi Asiyatu, ndapepesa powavutitsa, ndapempha andiyankhe mawa lisanathe ngati angathe kuifulasha Lachinayi m'mawa. Mwina misala yomweyi ndi imene indionetse mdzukulu.